Chingwe Chimene Ndinapotera Alamu Anga

Kwathu kunali kachisi wa Amwenye. Ndimayamba choncho nthawi zonse, ngakhale wondifunsayo atangofuna kudziwa kumene ndikulowera. Anali kanyumba ka njerwa kopaka laimu, kuseri kwa masitolo, pakati pa mtengo wa bwemba ndi chitsime. Katauni kake sinditchula. Mwina mudadutsapo mukuwodzera m'basi: msewu umodzi, masitolo asanu ndi awiri, telala pakhonde lililonse.

Ine ndinali wosesa wake. Ndinabatizidwa ku mishoni, ndipo Lamulungu ndinkaimba ndi anzanga m'tchalitchi. Lolemba ndinkavula nsapato pakhomo n'kusesa kwa milungu ya eni ake, ndipo sindinamvepo kuti mbali ina yadandaula. Chaka ndinkachidziwira pamenepo. Mvula ikamatha linkabwera tsiku lothirana utoto, pamene mwini sitolo wolemekezeka ankathamangitsidwa ndi akazi ake kuzungulira chitsime, ali wofiira ngati dothi la katondo. Dzuwa likayamba kuwawa ankavina masiku asanu ndi anayi, akuombanitsa timitengo. Kenaka, mango ali pafupi kupsa, inkafika Diwali. Amayi ankajambula maluwa pansi ndi ufa wa mpunga, timbale tadothi tamafuta tinkayala khonde lonse, ndipo aliyense wodutsa, kaya wa ku mzikiti kaya wa ku mishoni, ankalandira kampira kotsekemera konunkhira mkaka. Fungo la lubani silinandichoke m'mphuno mpaka lero.

Wansembe analibe. Mapemphero ankatsogolera a Mulji, nkhalamba yogulitsa nsalu. Ndiwo anandiphunzitsa za nyale yamkuwa imene inkayaka mkati usana ndi usiku. Anati moto wake anauyatsa ndi anthu oyamba kufika kuno, ndipo sunazimepo.

"Thonje ukupota pachikhatho, chotere," anatero. "Mafuta ukuthira m'mbali. Koma mvetsa ichi. Pakamwa ayi. Pakamwa pamadutsa malovu ndi mabodza. Moto ukavuta, yamba wausamutsira pa kambale aka. Ukatero zimitsa chingwe chakale ndi duwa. Osauzira."

"Nanga ukandipsereza chala, bambo?"

"Chala chimapola."

Chaka china kunabwera lamulo loti Amwenye achoke m'matauni ang'onoang'ono. Anapakira m'malole. Milungu anaikulunga m'nsalu zatsopano n'kuinyamula pamiyendo ngati makanda, uja wa mutu wa njovu chitamba chikusuzumira kunja. Nyale yokha sakanatha kukwera nayo. A Mulji anandipatsa kiyi, kamdzukulu kawo kakakazi kakuwakoka malaya.

"Moto ukamayaka, nyumba ino ndi kachisi," anatero. "Ukazima, ndi njerwa chabe. Tidzabwera."

Ndinausunga zaka zitatu. Mafuta a mkaka wa ng'ombe atatha ndinkasinja mtedza n'kufinya ndekha. Maliro akutali sindinkapita. Diwali ikafika ndinkayala timbale pakhonde ndekhandekha, ndipo ana a m'taunimo ankabwerabe, ine n'kuwapatsa chiponde.

Tsopano ndinene za Nasoni. Anali mwamuna wa mlongo wanga Esinala, mlimi wa fodya, munthu wa nthabwala amene aliyense ankamukonda pa mowa. Analowa tsiku lina masana, majombo ali kuphazi, matope akugwera pamene ndinali nditangokolopa.

"Nsapato, alamu," ndinatero.

"Zatani nsapato? Akwiya ndani? Eni ake ali m'tauni akudya mpunga, inu muli pano kulondera mphepo. Fodya wanga akuchita nkhungu m'chigafa, pomwe pano pali malata abwinobwino."

"Muno ndi m'kachisi."

"Chifukwa cha kamoto aka?" Anawerama, manja ali kumbuyo, ngati akuyang'ana mwana wa mnzake. "Tiyeni tione ngati kali ndi mano."

Phuu.

Utsi unakwera wowongoka ngati ulusi. Nasoni anaseka mpaka kukhosomola. Ine ndinaima ndi tsache m'manja, ndipo chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti sindinamumenye nalo. Esinala anabwera madzulo akuti, "Achimwene, si moto chabe kodi? Machesi ndili nawo." Ndinasiya kiyi pachitseko. Ndinatenga kambale kadothi kosamutsira moto kaja, n'kukaika m'thumba, n'kutsata msewu. Ndisanapitirire sitolo yomaliza, ngolo ya fodya inali itaima kale pansi pa bwemba.

Zaka sindinaziwerenge. Ndimangodziwa kuti ndinachoka ndili ndi mano onse.

Ndinafika koyamba kuchigwa kotentha kumene amalima thonje. Pamsika wake panali mtengo wa bwemba, chapatali pang'ono chitsime, pakati pake popanda kanthu. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali mpaka mayi wina anandifunsa ngati ndataya ndalama. Ndinagwira ntchito yosankha thonje kwa nkhalamba ya diso limodzi, imene inkamva njere ndi zala isanaione. "Usasiye ngakhale imodzi," inkatero. "Njere ikalowa m'chingwe cha nyale imathetheka, imalavula moto kumaso." Ndinasunga mawuwo osadziwa chifukwa chake.

Kumeneko ndiko ndinayamba msika wanga wa nkhani. Mlendo akandiuza yake, ine ndinkamuuza yanga. Ndinamva za msodzi amene ankaopa madzi, za mphunzitsi amene anakwatira akazi awiri a dzina limodzi, za munthu amene anagulitsa njinga kuti agule belu la njinga. Ine yanga inali imodzi yokha: munthu wina anasunga moto wa eni ake zaka zitatu, mlamu wake n'kuuzima ndi pakamwa. Dzina la mlamuyo ndinkalitchula momveka bwino, kawiri, kuti liyende. Langa sindinkatchula. Ndinkaganiza kuti ndikumufesera manyazi m'dziko lonse. Tsiku lina nkhalamba ija inayatsa fodya wake, n'kuuzira kamtengo ka machesi. Phuu. M'mawa mwake ndinali pamsewu.

Ndinafika kumapiri, kumudzi wa anthu oyenga mafuta. Bwemba analipo, chitsime chinalipo, pakati pake mbuzi zikudya. Kumeneko ndinaphunzira kuti chingwe chopota molefuka chimamwa mafuta mwadyera, moto wake n'kutalika ngati ukufuna denga. Kumenekonso ndinakwatira. Dzina lake anali Felesiya, mkazi wamasiye woseka ndi mapewa. Anamva nkhani yanga kambirimbiri, mpaka ankaimaliza yekha.

"Ndiye mlamu uja anati phuu," ankatero, akupeta mpendadzuwa. "Bambo, kodi munthu ameneyu amalipira lendi m'mutu mwanumo? Chifukwa malo amene watenga ndi aakulu kuposa anga."

Ndinakhala naye mvula zingapo, zabwino. Ndinamupempha chinthu chimodzi chokha, ndipo anachisunga. Ankazimitsa koloboyi ndi zala. Koma tsiku lina kutacha, ali pa changu chopita kuchigayo, mtolo uli pamutu, manja onse ali ndi katundu, anawerama pakhomo. Phuu. Anatembenuka n'kundiona nkhope.

"Musatero," anatero. "Ndi koloboyi uyu. Wa palafini. Si mulungu wa munthu."

Ankanena zoona. Ndinadikira kuti akhote pa nthochi, ndinatenga kambale kanga n'kuchoka. Zimenezinso ndinaziika pamutu pa Nasoni, pamodzi ndi zina zonse.

Pambuyo pake malo amasokonekera. Ndinaotcha njerwa kwina, ndinaweta ng'ombe za munthu kwina. Ndikagona masana pansi pa mtengo ndinkalota kachisi akuyenda kumbuyo kwanga pamsewu, pang'onopang'ono ngati ng'ombe yokalamba, chitseko chili pululu. Ndikaima, nayenso ankaima. Ndikati ndilowe, ndinkapeza kuti ndavala majombo, ndipo sankavuka.

Pa doko lina, tikudikira bwato, munthu wogulitsa mphasa anati andiuze nkhani. "Kuli katauni kena," anatero, "kumene munthu anasunga moto wa Amwenye zaka khumi."

"Zitatu," ndinatero.

"Khumi, akulu. Ndinamva kwa amene anaona."

"Nanga mlamu wake?"

"Mlamu uti?"

Ndinaseka ndekha m'bwatomo. Nkhani yanga inali itanenepa panjira, koma itataya mwendo umodzi.

Tauni yomaliza inali ya osula zitini. Bwemba anali atadulidwa, chitsime chitakwiriridwa, koma ndinazindikira malowo ndi mpata wake. Ndinakhala pansi pa shedi ndi amisiri opanga makoloboyi, ndevu zanga zitayera. Iwo anandiphunzitsa kuti dontho limodzi la palafini likabisala pakati pa chingwe cha nyale yamafuta, moto umayamba mwaulemu, kenaka ukalifika umalumpha n'kufuka utsi wakuda. Tsiku lina dalaivala wa lole anabwera kudzawotcheretsa chitini chake, n'kukhala pa benchi.

"Madala, mumakonda nkhani inu. Imvani iyi. Moto uja wa Amwenye sunazimepo mpaka lero. Zaka makumi anayi! Ndinaima ndekha pamenepo, ndinafunsa kuti munthuyo ndi uti, anandilozera. Mkulu wansangala zedi. A Nasoni."

Nyundo inandigwa m'manja.

"Nkhaniyo inafika mpaka kutsidya kwa nyanja zazikulu," anapitiriza. "Adzukulu a eni ake akubwera pa chikondwerero chawo chino. Akuti adzakonza kachisiyo, a Nasoni adzakhala woyang'anira mpaka imfa, dzina lawo lilembedwe pamwala pakhomo."

Dzina lija ndinalinyamula ndine. Ndinalitchula kawirikawiri pa madoko ndi m'misika, momveka bwino, ndipo anthu anasunga dzina n'kutaya mlandu. Madzulo amenewo ndinagula thonje losasankha, ndinapempha palafini wodzaza kabotolo ka mankhwala.

Ndinafika kwathu kutatsala tsiku limodzi kuti Diwali ifike. Msewu unali womwewo, matelala atachepa. Bwemba analipo, chitsime chinalipo, ndipo pakati pake panali kachisi, ataima phee, atapakidwa laimu watsopano amene sanabise fungo la fodya. Ndinavula nsapato kutali, pamsewu.

Nasoni anali mkati, atanenepa, atavala malaya oyera. Nyale yamkuwa inali kuyaka ndi kansanza ka bulangete. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka mano ake otsala anaonekera.

"Alamu! Mudakali moyo? Ife tinakulirani kalekale. Mlongo wanu anapita akukufunsani."

"Mwayatsa liti?"

"Mwezi watha. Machesi, alamu, ndinakuuzani kuti zinthu izi n'zosavuta." Anatsitsa mawu. "Tsono musayambe zanu. Mukanena, akhulupirira ndani? Ine tauni yonse ikundidziwa. Inu mukuoneka ngati mwatuluka m'chulu. Nkhani ndi ya amene anatsala pamalo."

"Sindinabwere kudzakangana."

"Eya, mwakula. Ndiye thandizani mlamu wanu. Anthu aja akaona bulangeteli adzadabwa. Ndipotereni chingwe chenicheni, chija munkapota pachikhatho. Mawa mudzadya nawo, ndidzati ndinu wachibale."

"Ndikupoterani, alamu," ndinatero. "Chabwino kwambiri."

Ndinakhala pansi pa bwemba dzuwa likupendeka. Kunsonga ndinapota mothina, mwaluso, monga anandiphunzitsira a Mulji. Chapakati ndinalefula. M'menemo ndinabisa njere zitatu ndi dontho la palafini, n'kukulunga ndi thonje loyera. Chinali chingwe chokongola kuposa zonse zimene ndinapotapo. Ndinachipereka kwa Nasoni madzulo omwewo.

Adzukulu a eni ake anafika m'mawa pa magalimoto atatu. Amayi anajambula maluwa a ufa pakhomo, anapachika nkhata za maluwa achikasu, anatulutsa milungu m'nsalu n'kuikhazika m'malo mwake. Belu linalira. Lubani anafuka. Ndinaima kumbuyo pakati pa anthu a m'tauni, misozi ikutsikira m'ndevu, ndipo kwa kanthawi ndinafuna kuthamanga kukachotsa chingwe chija. Koma ndinaona Nasoni akulandira nkhata m'khosi, akuwerama mwaulemu, ndipo mapazi anga anakhazikika.

Wotsogolera anali mayi wa imvi zochepa, dzina lake Hansa. Anali kamdzukulu kaja kokoka malaya. Chichewa chake chinali cha mwana, chosungidwa m'bokosi zaka zambiri.

"Agogo anamwalira akunena za wosesa," anauza anthu. "Dzina ine sindinagwire, ndinali wamng'ono. Anati, mukapeze munthu wa moto."

Anayamba kuimba, akuomba m'manja. Ine ndinkayang'ana nyale. Moto unatsika bwinobwino ndi nsonga yothina, wofatsa, wachikasu. Nyimbo yoyamba inatha. Pakati pa yachiwiri unafika polefuka paja n'kutalika. Kenaka unapeza palafini. Unalumpha, utsi wakuda unakwera kudenga, njere yoyamba inathetheka n'kulavulira pa nsalu ya mulungu wa mutu wa njovu. Nyimbo inaduka. Onse anayang'ana kwa wosunga moto wa zaka makumi anayi.

Kambale katsopano kosamutsira moto kanali pomwepo, Hansa anali atakaika yekha. Maluwa anali m'khosi mwake mwa Nasoni. Iye sanaone chilichonse cha izo. Njere yachiwiri itathetheka anawerama, manja ali kumbuyo, monga tsiku lija.

Phuu.

Sindinamvepo chete wokoma chotero. Mayi wina wachimwenye anagwira pakamwa. Utsi unakwera, ndipo Nasoni anatembenuka akumwetulira, akudikira kuti amuthokoze.

"Bambo," anatero Hansa pang'onopang'ono, "mwauzira."

"Eee, mayi, ukanatentha nsalu. Musadandaule, machesi ndili nawo." Anawatulutsa m'thumba la malaya oyera aja, n'kuwagwedeza.

Wina kumbuyo anaseka. Kenaka mayi wokalamba wogulitsa tomato anati mokweza, "Nanga si umo anachitiranso kale!" Pamenepo tauni yonse, imene inakhala chete zaka zonsezi, inakumbukira nthawi imodzi. Anatchula fodya, anatchula ngolo. Nasoni anayesa nthabwala, koma inafera m'kamwa. Anavula nkhata yekha. Anatuluka pakati pa anthu, ndipo nsapato zake pakhomo sanazivale, anangozinyamula, n'kuyenda pamsewu wotentha chopanda nsapato. Ndinamuyang'ana mpaka anakhota. Ndikanama ndikati sindinakondwe. Ndinakondwa mpaka m'mafupa.

Nditatembenuka, Hansa anali atatola chingwe chozima chija. Anachimasula ndi zikhadabo. Njere yachitatu inagwera m'dzanja lake. Ananunkhiza thonjelo. Kenaka anayang'ana nsonga yotsala, mapotedwe ake, n'kuyendetsa maso pa anthu mpaka anafika pa ine. Ndinatulutsa kambale kanga kakale m'thumba. Sindikudziwa chifukwa chake. Mwina ndinkafuna andione.

"Ndinu," anatero. "Munkandipatsa bwemba."

"Ndine, mayi. Ndinausunga zaka zitatu."

"Ndipo ichi mwapota ndinu."

"Ndine."

"Pamaso pa milungu. Pa Diwali."

Anandipatsa thonje loyera. "Potani china. Chabwino."

Ndinapota pachikhatho, onse akuyang'ana. Anayatsa yekha, napemphera mpaka mapemphero anatha, ndipo aliyense analandira kampira kotsekemera, inenso. Kanakoma monga kale. Dzuwa litapendeka anakulunganso milungu m'nsalu. Anasamutsira moto pa kambale kanga, anazimitsa nyale yamkuwa ndi duwa, n'kuipereka kuti aiike m'galimoto. Anatseka chitseko ndi loko watsopano. Ndinatambasula dzanja. Kiyi anamuika m'chikwama chake.

"Agogo anati ndipeze munthu wa moto," anatero. "Ndapeza awiri. Wina wazimitsa ndi pakamwa, wina ndi manja odziwa." Anandipatsa kambale kaja kakuyaka. "Aka ndi kanu. Nyumba ayi."

Ndimakhala pakhonde pa kachisi tsopano. Sindiyendanso. Ndimasesa kuyambira pa bwemba mpaka pa chitsime, ndimafinya mtedza, ndimatchinga kambale ndi chikhatho mphepo ikamaomba. Mkati sindinalowemonso. Ndikasuzumira pa mng'alu wa chitseko ndimaona pamene pankakhala nyale, ndipo masana ena ndimalota kuti chitseko chatseguka, ine ndilibe majombo.

Alendo amandifunsa ngati ndikanachitanso. Ndimawauza kuti ayambe andiuza yawo.

Nasoni amadutsa m'mawa uliwonse popita kumsika, chifukwa msewu ndi umodzi. Amayenda tsidya linalo, maso ali pansi. Ine ndimadikira afike polunjika khonde, ndimakweza kambale kanga pang'ono kuti aone kuti kakuyaka.

"Mwadzuka bwanji, alamu?" ndimatero. "Machesi mudakali nawo?"